City Airport ya ku Lusaka: bwalo la ndege limene linalowa kuseri kwa mpanda

Komboni ya Kaunda Square mu Lusaka ili pakati pa mabwalo awiri a ndege. Kum'mawa kwake, munthu akatsata Great East Road kupitirira Chelstone n'kukhotera kumanzere, amafika pa Kenneth Kaunda International, bwalo lalikulu la dziko la Zambia. Chakumwera cha kumadzulo, kupitirira Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, kuli bwalo lina lakale kuposa limeneli, lotchingidwa ndi mpanda, limene anthu a mu Lusaka amangoti City Airport. Pa mabwalo onse awiri pali asilikali a Zambia Air Force, amene aliyense amawadziwa kuti a ZAF. Pa bwalo lalikulu ali ndi msasa wawo pambali ndipo ndege zawo zimathamanga pa msewu umodzimodzi ndi ndege za anthu wamba, pamene pa City Airport iwo ndiwo eni khomo, ndipo likulu lawo lili pomwepo. Mbiri ya bwalo laling'onoli imasonyeza kuti kugawana bwalo pakati pa asilikali ndi anthu wamba sikunakhalepo vuto lenileni mu Zambia, chifukwa dziko la ndalama zochepa ndi mitunda italiitali silingamange misewu ya ndege iwiriiwiri m'tauni iliyonse. Chimene chakhala chikuvuta n'chakuti chinthu cha anthu onse chikangolowa pa chipata cha asilikali chimaleka kufunsidwa mafunso, ndipo malamulo oti adzayankha ndani zinthu zikalakwika pa bwalo logawana sakhala poyera pamene mwini msonkho angawawerenge.

Bwaloli linabadwa ngati la anthu wamba, ngati tingawatchule choncho azungu ochepa amene ankakwera ndege masiku amenewo. Boma la atsamunda litaganiza zochotsa likulu la Northern Rhodesia ku Livingstone, linaitana Pulofesa Stanley Adshead kuti adzajambule mzinda watsopano pa chitunda cha kum'mawa kwa njanji, ndipo mu 1935, pa nthawi ya bwanamkubwa Sir Hubert Young, likulu linasamukira ku Lusaka. Bwalo la ndege linali gawo la mzinda watsopanowo, ndipo analiika kufupi ndi maofesi a boma ndi nyumba za akuluakulu, kuti bwana akatsika ndege asayende mtunda. Kunalibe amene ankaganiza za phokoso kapena ngozi kwa anthu oyandikana nalo, poti kum'mawa kwake kunali tchire ndi mafamu, ndipo munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo m'tauni, wobwera kudzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Central African Airways inakhazikitsidwa mu 1946 kuti izitumikira maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ndege zake za Dakota, Viking, kenako Viscount, zinkalumikiza Lusaka ndi Salisbury, Ndola ndi Blantyre. Likulu la kampaniyo linali ku Salisbury, monga momwe zinalili ndi pafupifupi chilichonse cha mtengo wapatali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuphatikizapo ndege za nkhondo. Alendo amene anabwera pa ndege kudzaonerera ufulu wa Zambia pa 24 October 1964 anatera pa bwalo lomweli, chifukwa Lusaka inalibe lina.

Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, ndege zamphamvu za nkhondo zinatsalira ku Southern Rhodesia, ndipo kumpoto kuno kunabwera zochepa zonyamula katundu ndi anthu. ZAF inayambira pamenepo, ku Livingstone, m'manja mwa maofisala a ku Britain, mpaka Peter Zuze anakhala mwana wa dziko woyamba kuitsogolera mu 1972. Kuchepa mphamvu kumeneku kunaonekera msanga. Pa 11 November 1965 Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Southern Rhodesia, analengeza ufulu wake wa chiwembu, ndipo mwezi wotsatira, Britain italetsa mafuta kupita ku Rhodesia, Smith naye anatseka mafuta obwera ku Zambia kudzera kum'mwera. Mtsogoleri wa Zambia Kenneth Kaunda anapempha nduna yaikulu ya Britain, Harold Wilson, asilikali oti akalondere damu la Kariba. Wilson anatumiza ndege za nkhondo za Javelin, zimene zinakhala ku Ndola, zina ku Lusaka. Nthawi yomweyo ndege zikuluzikulu za Britain ndi Canada zinayamba kututa mafuta m'migolo kuchokera kum'mawa kwa Africa ndi ku Congo, n'kumatera ku Lusaka ndi ku Ndola. Bwalo limene linamangidwira bwanamkubwa ndi alendo ake linasanduka njira yolowera mafuta a dziko lonse, ndege za okwera, za migolo ndi za mizinga zikudikirana pa msewu umodzi. Kugawana kotereku palibe munthu wanzeru amene angakudzudzule. Ntchito yotuta mafuta pa ndege inali yodula kwambiri, inathandizana ndi malole a pa msewu woopsa wa ku Dar es Salaam, ndipo vutolo linapepuka kwenikweni paipi ya mafuta ya TAZAMA itatsegulidwa mu 1968. Koma miyezi imeneyo inasonyeza kuti msewu wa ndege susankha mtundu wa ndege, ndi kuti pa tsiku la mavuto dziko limapulumukira pa bwalo lililonse limene lili nalo.

Mu 1967 bwalo latsopano la Lusaka International linatsegulidwa makilomita oposa 20 kunja kwa mzinda, ndi msewu wautali wokwanira ndege zikuluzikulu za jeti. Chaka chomwecho Central African Airways inagawika, ndipo Zambia Airways inaima payokha mothandizidwa ndi kampani ya Alitalia ya ku Italy. Ndege zonyamula anthu zinasamukira ku bwalo latsopano, lakale n'kutsala la asilikali, la maulendo a boma ndi la tindege ting'onoting'ono. N'zomveka kuti zinatero: ZAF inkafuna malo mu likulu la dziko, nyumba zosungiramo ndege zinalipo kale, ndipo mdani anali kutsidya kwa Zambezi. Koma tiyenera kuona kuti chisankho chimenechi chinapangidwa pa mzinda wina, osati umene ulipo lerowu. Lusaka ya pa ufulu inali ndi anthu osafika 200,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Malamulo oletsa munthu wakuda kukhala m'tauni atagwa, anthu anakhamukira mu mzinda, ndipo Kalingalinga, imene inayamba ngati misasa yosaloledwa, inadzaza. Khonsolo inayamba kudula mapuloti okhala ndi msewu ndi mpopi kuti anthu azidzimangira okha, ndipo ndi momwe Mtendere ndi Kaunda Square zinabadwira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Lamulo la 1974 linazindikira makomboni ngati malo oyenera kukonzedwa m'malo mogwetsedwa, ndipo makomboni a George ndi Chawama analandira misewu ndi madzi ndi ngongole ya World Bank. Tchire lija la kum'mawa kwa bwalo linasanduka madenga a malata. Mzinda unalizungulira bwalo mbali zonse, koma ubale wa bwalolo ndi oyandikana nalo unatsala monga unalili mu 1967, wa mpanda ndi mlonda.

Amene amateteza mpandawo amanena za chitetezo cha dziko, ndipo mfundo yawo ili ndi magazi kumbuyo kwake, choncho siyenera kupeputsidwa. Pa 19 October 1978, patangopita milungu yochepa asilikali a ZIPRA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, atagwetsa ndege ya Viscount ya Air Rhodesia pafupi ndi Kariba, ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wawo wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, n'kupha anthu mazana. Woyendetsa ndege amene ankadzitcha Green Leader analankhula pa wailesi ndi nsanja yoyang'anira ndege ya pa Lusaka International, nalamula kuti ndege za ZAF za ku Mumbwa zisanyamuke, apo ayi zigwetsedwa, ndipo ndege yonyamula anthu ya Kenya Airways inauzidwa kuti idikire. Kwa kanthawi thambo la Zambia linali m'manja mwa mdani, ndipo boma la Smith linaulutsa mawu ojambulidwawo mobwerezabwereza kuti lichititse Zambia manyazi. Mu April 1979 asilikali a Rhodesia analowa pa galimoto mpaka mkati mwa Lusaka n'kuphwanya nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa omenyera ufulu aja, mtunda wochepa kuchokera ku State House. Munthu amene anaona zimenezi sangadabwe kuti kujambula chithunzi pafupi ndi bwalo la ndege kunali mlandu, kapena kuti mlendo wofunsafunsa ankatengeredwa kupolisi. Komabe nkhani ya Green Leader ikayang'anitsitsidwa imanena zina. Chimene chinasowa tsiku limenelo sichinali chinsinsi, poti mdani ankadziwa kale pamene ndege iliyonse ya Zambia inaima. Chinasowa ndi zida zoonera ndege zikadali kutali, ndi njira yachangu yolumikizirana pakati pa nsanja ya anthu wamba ndi akuluakulu a nkhondo. Amene anasenza katundu wa dziko pa mphindi zimenezo anali woyang'anira ndege wamba, amene analankhula modekha n'kuteteza ndege za okwera. Boma linayankha pogula zida, kuphatikizapo ndege za MiG-21 za ku Soviet Union, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 chiopsezo cha kum'mwera chinayamba kuchepa, mpaka chinatheratu tsankho litagwa ku South Africa mu 1994. Chizolowezi chobisa chinatsala, ngakhale chifukwa chake chinapita.

Pali chifukwa china chimene sichinenedwa kawirikawiri. City Airport ili pafupi ndi State House, pafupi ndi maofesi a nduna, ndipo kutsidya kwa msewu wa Alick Nkhata kuli nyumba ya Mass Media, kumene kuli wailesi ndi kanema wa boma. Ndi m'nyumba imeneyo momwe Lefutenanti Mwamba Luchembe analengezera pa 30 June 1990 kuti boma la Kaunda lagwa, patangotha zipolowe za mtengo wa ufa zimene zinagwedeza makomboni, ndi momwenso Kaputeni Stephen Lungu, wodzitcha Captain Solo, analankhulira pa 28 October 1997. Onse awiri analephera m'maola ochepa, ndipo onse anali asilikali a pansi, osati a ZAF. Koma boma lililonse limene lalamulira Zambia limadziwa phindu lokhala ndi msewu wa ndege wa asilikali mphindi zochepa kuchokera pakhomo pa mtsogoleri wa dziko. Atsogoleri akamapita m'zigawo amanyamukira pamenepo, nduna ndi akuluakulu a chipani atandanda kudzatsanzika. Sindikuona cholakwika kuti mtsogoleri wa dziko akhale ndi ponyamukira potetezeka. Chongofunika kuvomereza n'chakuti chimene mpanda wa City Airport ukusunga lero ndi ulendo wa akuluakulu, osati malire a dziko, ndipo zifukwa ziwirizi sizilemera mofanana pa sikelo tikamafunsa ngati anthu ali ndi ufulu wodziwa zochitika mkatimo.

Mtengo wa kusadziwa kumeneku Zambia inaulipira usiku wa pa 27 April 1993. Bungwe la mpira la FAZ linalibe ndalama zokwanira zolipirira timu ya dziko pa ndege za makampani, ndipo monga linkachitira nthawi zambiri, linapempha ndege ya ZAF. Ndege ya Buffalo, nambala AF-319, inanyamuka ku Lusaka kupita ku Dakar kumasewero ndi Senegal a mpikisano wa World Cup, inaima ku Brazzaville, inaimanso ku Libreville, ndipo itangonyamuka kumeneko inagwera m'nyanja. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18 ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Ali m'manda a Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium, kufupi ndi Matero. Lipoti la boma la Gabon linatuluka patapita zaka khumi, mu 2003, ndipo linati injini ya kumanzere inavuta, woyendetsa n'kuzimitsa ya kumanja imene inali yabwino. Linatchulanso kutopa, popeza woyendetsayo anali atangobwera kumene ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius, ndiponso chida china cha m'ndege chimene chinali chowonongeka. Mabanja a omwalirawo anachita kupita kukhoti kuti alandire chipukuta misozi, ndipo kwa zaka zambiri akhala akupempha boma la Zambia kuti liwapatse lipoti lonse. Chikho cha Africa chimene timu ya dziko, Chipolopolo, inatenga mu mzinda womwewo wa Libreville pa 12 February 2012 chinatonthoza mitima, koma sichinayankhe funso ngakhale limodzi la amasiye.

Chifukwa chimene mayankho anachedwera chili m'malamulo a ndege a dziko lonse. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linakhazikitsa bungwe la ICAO, limanena kuti limakhudza ndege za anthu wamba zokha. Ndege za asilikali, apolisi ndi a kasitomu ndi za boma, ndipo zili kunja kwake. Ndege ya kampani ikagwa, pali ndondomeko yodziwika: ofufuza oima paokha, lipoti lofalitsidwa kwa aliyense, makamaka chaka chisanathe, ndi cholinga chopewa ngozi ina osati kusaka wolakwa. Kampaniyo imakakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi ya okwera, kusunga maola opumula a oyendetsa, ndi kuika m'ndege makina ojambula mawu ndi kayendedwe kake. Ndege ya asilikali imayendera malamulo a asilikali, ndipo ofufuza ake amayankha kwa mkulu wawo. Pa nkhondo zimenezi zili ndi chifukwa chake, poti msilikali analumbira kulowa m'zoopsa zimene munthu wamba sanalumbire. Koma wosewera mpira, namwino, mtolankhani kapena mlembi wa zisankho akakwera ndege yomweyo amataya chitetezo chonse cha munthu wamba osauzidwa, ngakhale ulendo wake ulibe chochita ndi nkhondo. Amalawi nawonso anaziona zomwezi. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la anthu wamba la Kamuzu International kupita ku Mzuzu, n'kugwa m'nkhalango ya Chikangawa, kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ofufuza a ku Germany anapeza kuti munalibe makina ojambula mawu kapena kayendedwe ka ndege, ndipo batire ya kachida kolozera pamene ndege yagwera inali itatha nthawi yake zaka zambiri m'mbuyomo. Zimenezi zinadziwika chifukwa boma linaitana ofufuza a kunja amene amafalitsa zimene apeza, ndipo linawaitana mwa kufuna kwake, popanda lamulo lolikakamiza. Lilongwe nayonso, tisaiwale, inapereka bwalo lake lakale kwa asilikali bwalo la Kamuzu International la ku Lumbadzi litatsegulidwa.

Wina anganene kuti mbali ya anthu wamba nayo ilibe mbiri yonyaditsa, ndipo akunena zoona. Zambia Airways inagwa mu December 1994 itamira m'ngongole, makampani angapo amene anabwera pambuyo pake anatsatira njira yomweyo, ndipo mu 2009 bungwe la European Union linaletsa ndege zonse zolembetsedwa mu Zambia kulowa m'maiko ake, ofufuza a ICAO atapeza kuti boma silinkayang'anira bwino makampani a ndege. Koma taonani zimene zinatsatira. Popeza zolakwazo zinalembedwa poyera ndipo zinachititsa manyazi, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe loima palokha la Civil Aviation Authority ndi lamulo la 2012, oyendera ndege anaphunzitsidwa, ndipo mu June 2016 chiletsocho chinachotsedwa. Mabwalo akuluakulu anali ataperekedwa kale mu 1989 ku kampani ya boma ya National Airports Corporation, imene lero ndi Zambia Airports Corporation, ndipo mabuku ake a ndalama amatha kuonedwa ndi aphungu. Sindikunena kuti anthu wamba ndi akhama kuposa asilikali. Pa mwambo ndi kusamala zida, ZAF ingaphunzitse maofesi ambiri a boma. Kusiyana kwake n'kwakuti mbali imodzi ili ndi munthu wakunja woloza chala, ina ilibe, ndipo bungwe lililonse, la yunifomu kapena la taye, limazolowera zolakwa zake ngati palibe wozinena.

Funso lovuta kwambiri ndi la munthu wa ku Kaunda Square mwiniwake, amene angati za ndege n'za kumayadi, iye nkhawa yake ndi lendi, madzi ndi malodishedi a magetsi. Yankho loyamba n'lakuti iye ndiye amalipira. Nyumba yatsopano ya pa Kenneth Kaunda International, imene inatsegulidwa mu 2021, inamangidwa ndi ngongole ya madola 360 miliyoni ya ku China, ndipo ndi ngongole za mtundu umenewu zimene zinaunjikana mpaka dziko linalephera kubweza mu November 2020, mtengo wa zinthu n'kukwera pa msika uliwonse wa m'komboni. Ndege za L-15, za C-27J ndi Gulfstream ya mtsogoleri wa dziko zinagulidwa m'zaka zomwezo ndi ndalama za msonkho womwewo. Yankho lachiwiri n'lakuti iye ndiye ali pansi pa ndegezo. Ngozi zambiri za ndege zimachitika ponyamuka ndi potera, ndipo kum'mawa kwa msewu wa City Airport kulibenso tchire loti ndege yovutika ingagwerepo. Kuli Kalingalinga, Helen Kaunda ndi Mtendere, ndi masukulu ndi misika yake. Banja limene denga lake lingaphwanyidwe ndi ndege ya kampani limadziwa kokadandaula, koma la ndege ya asilikali lingayambire pati? Yankho lachitatu n'lakuti iye ndiye amathandizidwa ZAF ikagwira ntchito yake bwino. Ndi ndege ndi mahelikopita a ZAF amene amafikitsa mapepala ovotera kumene galimoto sizifika, amene amanyamula chimanga madzi akasefukira, ndipo anawolokanso malire kukathandiza kum'mwera kwa Malawi namondwe wa Freddy atawononga mu March 2023. Anthu a m'makomboni a Lusaka ambiri ali ndi abale ku Chama, ku Luangwa, ku Lundazi, kumene mlatho ukakokoloka thandizo limachokera kumwamba. Ntchito zonsezi n'za anthu wamba ngakhale zikugwiridwa ndi asilikali, ndipo n'chifukwa chake sizingabisale kumbuyo kwa mawu oti chitetezo cha dziko.

Ena amafulumira kunena kuti bwalolo lingotsekedwa, malowo amangepo nyumba, poti mzinda ukulira malo. Maganizo amenewa amakoma m'khutu, koma aliyense wodziwa mmene malo amayendera mu Lusaka ayenera kuchita nawo mantha. Malo aakulu otseguka amene atsala pakati pa mzinda atsala chifukwa pali mfuti pa chipata. Mabwalo a masewero a m'makomboni, malo a misika, ngakhale m'mbali mwa manda, zinadulidwa mapuloti ndi makada a zipani ndi makhansala, ndipo nkhalango ya boma ya nambala 27, kum'mawa kwa mzinda, inachotsedwa chitetezo pang'onopang'ono kuyambira 2017, mapuloti ake n'kugwera m'manja mwa anthu a maudindo. Pamenepa asilikali ayenera kupatsidwa ulemu wawo: pakanapanda mpanda wa ZAF, City Airport bwenzi lero ili mashopu ndi nyumba zogona alendo, ndipo wa ku Kalingalinga sakanapezapo ngakhale chipinda chimodzi. Amene akukayika ayang'ane mmene Kalingalinga yeniyeniyo ikudyedwera m'mbali mwa misewu yake ikuluikulu, eni nyumba akale akugulitsa n'kusamukira kutali. Komabe ulemu umenewu uli ndi malire, chifukwa ZAF nayo inalowa m'malonda a malo: ntchito ya nyumba ya Kingsland City, imene inachita pamodzi ndi makampani kudera la Twin Palm, inafika mpaka kukhoti chifukwa cha nkhawa za magwero a mtsinje wa Chalimbana. Mlonda amene wayamba kuona mtengo wa chimene akulondera sangasiyidwe yekha ndi makiyi. Ngati tsiku lina bwaloli lidzasinthidwe ntchito, chisankhocho chiyenera kudutsa m'Nyumba ya Malamulo ndi m'khonsolo, pamaso pa anthu, osati kumveka ntchito itayamba kale.

Pakadali pano njira yanzeru ndiyo kulibwezera bwaloli ku ntchito imene linkagwira mu 1966, ya kugawana koona, koma ndi pangano lolembedwa. Zili ngati mpopi umodzi pa puloti ya mabanja angapo: mwini nyumba akhoza kusunga kiyi, koma alendi amene akulipira bilu ayenera kudziwa maola otungira ndi amene adzakonza ukathyoka. Ndege zing'onozing'ono zopita ku Mfuwe, ku Chipata kapena ku Lower Zambezi, ndege zonyamula odwala amene akuthamangira ku University Teaching Hospital, imene ili pafupi kwambiri ndi City Airport kuyerekeza ndi bwalo lalikulu, ndiponso sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndege, zonsezi zingapindule ndi msewu umene uli pakati pa mzinda. Nairobi imachita zimenezi ndi bwalo la Wilson, limene ndi la anthu wamba koma apolisi ndi mabungwe a boma amaligwiritsanso ntchito. Chofunika n'chakuti gawo la anthu wamba liziyenderedwa ndi Civil Aviation Authority monga bwalo lina lililonse, ndalama zolipira potera zizioneka m'mabuku amene wowerengera chuma cha boma amafufuza, ndege ya asilikali iliyonse yonyamula anthu wamba izikhala ndi inshuwalansi ndi makina ojambula, ndipo ngozi yake izifufuzidwa ndi anthu a kunja kwa ZAF, lipoti n'kuperekedwa kwa mabanja ndi kwa dziko. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaulula kuchuluka kwa mizinga kapena kumene ndege za nkhondo zimagona.

Nkhaniyi siikhudza Lusaka yokha, ndipo ikukula m'malo mochepa. Ku Livingstone asilikali ndi alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya akhala akugawana msewu umodzi kuyambira pamene ZAF inabadwa. Ku Mbala, bwalo limene linali la anthu wamba linasanduka msasa wa Samora Machel, ndipo kwa zaka zambiri dera la nyanja ya Tanganyika ndi mathithi a Kalambo linali lovuta kufikako pa ndege, mpaka boma linalola kuti ndege za anthu wamba ziziteranso kumeneko. Ku Ndola, bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe litatsegulidwa mu 2021, lakale la ku Itawa, limene Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwe la maiko onse, ankafuna kuterapo usiku umene anafa mu September 1961, linaperekedwa kwa asilikali n'kutchedwa Peter Zuze Air Force Base. Nalonso lili mkati mwa mzinda, pakati pa nyumba za anthu, ndipo linasamutsidwira m'manja mwa ZAF mwa njira yomwe ija ya 1967: ndege za okwera zinachoka, chipata chinasintha alonda.